Batire la Che Sumani

Lachiwiri lililonse ndimatsika Chowe
ndi batire lakufa pakaliyala,
lomangidwa ndi malegeni atatu.
Kwa Imedi, kuseri kwa msika wa M'baluku,
amalilumitsa mano awiri, lofiira ndi lakuda,
n'kulisiya kuti liyamwe.

Pobwerera limalemera.
Ndanena izi zaka zisanu ndi zinayi
anthu akundiseka:
"Che Sumani, cholemera ndi chitunda,
apo ayi ndi maondo anuwo."

Tsiku lina Imedi anatopa nane.
Tinabwereka sikelo ya ogula nandolo.
M'mawa, makilo khumi ndi asanu ndi atatu.
Litakhuta, muvi pomwepo,
osasuntha ngakhale pondichitira ulemu.
Ndinamugulira chakumwa cha kubetcha,
phiri lonse ndinakankha njinga osalankhula.

Lukia atabwera patchuthi
ndinamuuza ngati nthabwala,
kuti aseke bambo ake, zithe.
Sanaseke.
Anatola khala, nagwada pakhonde.
"Baba, mphamvu yalowa m'batireyi
muigawe ndi liwiro la kuwala.
Mukatero muigawenso kachiwiri.
Chotsalacho ndi kulemera."

Anandandalika mazira a nambala
mpaka khala linathera m'zala.
Ndinafunsa, ndiye makilo angati?
"Mukudziwa kuchigayo,
dzuwa likalowera pakabowo ka lata,
tija timayandama m'kuwalamo?
Kamodzi ka timeneto.
Mwinanso sikafika."

Kafumbi kamodzi ka ufa!
Zaka zonsezi ndakhala ndikubuula
pansi pa kafumbi.

"Ayi, chokubuulitsani ndi chitunda ndithu.
Koma simunaname.
Sikelo ya nandolo ndiyo yogontha."

Anapitiriza, mwana wosadziwa polekera.
Akuti simbi yotentha imaposa yozizira.
Akuti legeni ndikalikoka kuti thi
limalemera kuposa lili khwekhwerere pansi.
Chilichonse chosunga mphamvu m'mimba
dziko limachikoka moonjezera pang'ono.

Akutinso kuli kuwala kwina kwaukali,
kosaoneka ndi maso,
kumene kukadutsa pafupi ndi mtima wa atomu
kumaleka kukhala kuwala
n'kusanduka mapasa:
elekitironi ndi mnzake pozitironi,
ofanana msinkhu, osiyana mtima.
Chinthu chopanda thupi chabala matupi awiri.
Mapasa otere akakumana
amathana, kuwala n'kubwerera.

Apa ndinavula chisoti, ndinakanda m'mutu.
Mayi ake anaitana kawiri, sitinamve.

"Ndipo inuyo, baba,
makilo anu makumi asanu ndi limodziwo,
ochuluka si tinjerwa timene munamangidwa nato.
Ndi mphamvu yotsekeredwa,
tinthu tothamangathamanga m'khola lopanda khomo,
tosapuma chibadwire."

Izi ndiye ndinazimva msanga.
Munthu wopalasa njinga sauzidwa
kuti thupi lake ndi liwiro lomangidwa.

Usiku tinalumikiza waya.
Babu linayaka, wailesi inatsokomola,
ana a kwa Ajibu anabwera ndi makope awo.
Ndinakhala pakona ndikuyang'ana batire
likupepuka mwakachetechete,
kafumbi kaja kakutuluka pang'onopang'ono,
kakugwera pamasamu a Lukia,
pamphumi pa ana, pakhoma losazira.

Lachiwiri lotsatira ndinamuuza Imedi zonse.
Anamvetsera akukanda mutu wa batire ndi mpeni.
"Ndiye mukufuna ndibweze chakumwa chija?"
Ndinati inde.
Anati andibwezera dontho
lolingana ndi kafumbiko.

Ndimakwerabe Chowe.
Thukuta ndi lomwe lija, tcheni chimadumphabe
pakhonde pa mlatho waung'ono.
Koma pamalo potsetsereka kwambiri,
pamene anyani amakhala n'kumandiwerenga,
ndimaima, ndigwire batire ndi dzanja,
lofunda ngati mwana wogona,
ndinene chamumtima:
pali katundu wina woona
amene sikelo ya pamsika siimudziwa,
ndipo ine ndamusenza.